Dzina la Phanga la pa Staffa: Kupenda Nkhani ya Ulendo wa Joseph Banks wa mu 1772

1.0 Mau Oyamba

Kumadzulo kwa dziko la Scotland, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kucokera ku cisumbu ca Mull, kuli kacisumbu ka miyala kochedwa Staffa. Kukula kwake ndi mahekitala 33 okha, ndipo palibe munthu wokhalapo. Cimene cinakachukitsa ndi mapanga amene mafunde a nyanja yamcere anaboola m'matanthwe ake, makamaka phanga lalikulu limene mabuku amalicha Fingal's Cave, ndiko kunena kuti Phanga la Fingal. Alendo opitako pa mabwato amauzidwa kuti dzinali ndi la ngwazi ya m'nthano za makolo a kumeneko, ndipo ambiri amabwerera kwao ali otsimikiza kuti amva mau enieni a eni nthaka.

M'pepala lino tipenda nkhani imene inafalitsa dzinali, ndiyo ya Joseph Banks, Mngelezi wofufuza za cilengedwe amene anaceza pa cisumbuci mu Ogasiti 1772. Mfundo yathu ndi yakuti Banks anapatsa miyala tsiku lathunthu, koma mau a eni malo anawapatsa mafunso awiri okha. Ndipo pamene zolakwa zake za pa miyala zinakonzedwa ndi ofufuza obwera pambuyo pake, mpata umene anausiya pa nkhani ya mau sunatsekekebe. Nkhaniyi ndi ya kutali, koma vuto lake limakhudza aliyense wa ife amene amapita kumudzi ndi kope kukalemba nthano, nyimbo kapena maina a malo.

2.0 Ulendo ndi Kusindikizidwa kwa Nkhani

Banks anali atachuka kale cifukwa ca ulendo wozungulira dziko lapansi umene anayenda ndi James Cook pa sitima ya Endeavour kuyambira 1768 mpaka 1771. Atalephera kugwirizana ndi akuluakulu a sitima za boma pa za ulendo waciwiri wa Cook, anakonza ulendo wakewake wa ku Iceland, ndipo mwa anzake munali Daniel Solander ndi Uno von Troil, onse a ku Sweden. Ali m'njira, pafupi ndi Mull, anamva za cisumbu ca mizati ya miyala, ndipo anasiya sitima yao nakwera bwato laling'ono. Anafika pa Staffa usiku wa pa 12 Ogasiti, ndipo kutaca anayamba kuzungulira gombe. Pa cisumbupo panali kukhala banja limodzi lokha.

Banks sanasindikize yekha zimene analemba. Anazipereka kwa Thomas Pennant, amene caka comweco anadutsa pafupi ndi Staffa koma sanathe kukoceza cifukwa ca kuipa kwa nyanja. Pennant anaika nkhaniyi m'buku lake lochedwa A Tour in Scotland, and Voyage to the Hebrides, limene linatuluka mu 1774. Motero owerenga a ku London ndi a ku Ulaya konse anaona Staffa koyamba kudzera m'maso a munthu amene anakhalapo tsiku limodzi, amenenso sanali kumva Cigaeliki, cinenero ca anthu a m'zisumbuzo.

3.0 Zimene Banks Anacita Bwino

Tisanamdzudzule wolembayu tiyenera kumpatsa ulemu womuyenera. Nkhani yake imatsata gombe mwadongosolo, malo ndi malo, kotero kuti wowerenga amadziwa pamene waima. Amafotokoza mizati ya mwala wakuda wochedwa basalt, yoima mothithikana ngati nsici za nyumba, ina yoongoka, ina yopindika ngati nthiti za ngalawa. Lero tikudziwa kuti mizatiyi inapangika zaka pafupifupi 60 miliyoni zapitazo, pamene ciphalaphala ca moto cinazizira pang'onopang'ono n'kung'ambika monga limang'ambikira dothi la m'dambo nthawi ya cilimwe. Banks analibe cidziwitso cimeneci, komabe anasiyanitsa bwino zigawo za thanthwelo ndi kupima ciliconse.

Phanga lalikulu analipimanso. Analemba kuti utali wake kucokera pa thanthwe la kunja ndi mapazi 371 ndi theka, m'lifupi mwa khomo mapazi oposa 53, msinkhu wa khomo mapazi 117 ndi theka, ndipo kuya kwa madzi pa khomopo mapazi 18. Ofufuza a pambuyo pake atapimanso anapeza kuti msinkhu wa khomolo ndi mamita pafupifupi 20, pamene mapazi 117 a Banks ndi mamita pafupifupi 36. Iye analakwa, koma analakwa poyera. Ananena cimene anapima, pamene anayambira ndi muyeso umene anagwiritsa nchito, cotero munthu wina aliyense anatha kukwera bwato n'kukatsimikiza.

Pali ndime imodzi pamene amasiya kupima n'kuyamba kutamanda. Amayerekeza phangalo ndi machalichi akuluakulu ndi nyumba zacifumu, nanena kuti zomanga anthu n'zacabe pamaso pa nchito ya cilengedwe. Fanizoli linatengedwa ndi alembi ambiri pambuyo pake, mpaka phangalo linasanduka kacisi m'maganizo a anthu amene sanalionepo. Apa tikuyamba kuona cizolowezi ca wolembayu: cinthu cacilendo amacimvetsa pocigwirizanitsa ndi zimene anazidziwa kale kwao. Pa mwala cizolowezici sicinaononge kanthu. Pa mau cinaononga.

4.0 Mafunso Awiri M'phanga

Ndime imene pepala lino lagonapo ndi yaifupi kwambiri. Ali m'phangamo, Banks ndi anzake anafunsa mtsogoleri wao dzina la malowo, ndipo iye anayankha kuti ndi phanga la Fionn. Atafunsa kuti Fionn ndani, yankho linali lakuti ndi Fionn mac Cumhaill, amene womasulira ndakatulo za Ossian anamucha Fingal. Mafunso anathera pomwepo. Banks anangoonjezera kuti unali mwai waukulu kupeza cikumbutso ca ngwazi imene anthu a ku England anali kukayika ngati inakhalakodi.

Kuti timvetse cimwemwe cimeneci tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mu 1760 James Macpherson anatulutsa ndakatulo za m'Cingelezi zimene anati wazimasulira kucokera ku Cigaeliki cakale. Kumapeto kwa 1761 anatulutsa Fingal, ndipo mu 1763 Temora, ponena kuti mwini wake wa zonsezi ndi mlakatuli wakale Ossian, mwana wa Fingal. Mabukuwa anamasuliridwa m'zinenero zambiri za ku Ulaya nakondedwa kwambiri, koma panabuka mkangano: kodi Macpherson anamasuliradi, kapena anapeka yekha? Samuel Johnson, amene anagona pa cisumbu ca Ulva mu 1773 nalephera kukoceza pa Staffa cifukwa ca mafunde, analemba mu 1775 kuti ndakatulozo sizinakhaleko m'maonekedwe ena koma amene Macpherson anazipatsa. Bungwe la Highland Society linafufuza nkhaniyi, ndipo lipoti lake la mu 1805 linapeza kuti nyimbo za Fionn zinalikodi pakamwa pa anthu, koma panalibe ngakhale imodzi yofanana ndendende ndi zosindikizidwazo. Mu 1952 Derick Thomson anaonetsa nyimbo zakale zimene Macpherson anatengako, ndi momwe anazisinthira ndi kuzionjezera.

Motero Banks analowa m'phangamo ali ndi mlandu m'mutu, ndipo yankho la mtsogoleri analilandira ngati umboni wa pa mlanduwo. Tione zinthu zitatu. Coyamba, mtsogoleriyo alibe dzina. Wolemba amene anachula mapazi ndi theka lomwe sanachule kuti wolankhulayo anali yani, wa kuti, wa msinkhu wanji, ndiponso kuti anayankha m'cinenero citi. Banja limene linali kukhala pa cisumbupo, lomwe linali kumva phangalo likulira usana ndi usiku, liu lake silimveka pa nkhani ya dzinali. Caciwiri, yankho laciwiri limachula womasulira wa Ossian. Ngati mauwo ndi a mtsogoleri, ndiye kuti iye anali atamva kale za buku la Macpherson, ndipo anadziwa cimene cikanakondweretsa alendo. Ngati ndi a Banks, ndiye kuti wolemba anasakaniza ndemanga yake ndi mau a mboni popanda kuika malire. Mulimonsemo, buku ndilo linayamba kufika m'phangamo, mau a pakamwa n'kubwera pambuyo. Cacitatu, panali funso limene silinafunsidwe: kodi Fionn anacita ciani m'phanga limeneli? M'nkhani yonse mulibe nthano ngakhale imodzi yolumikiza ngwaziyo ndi malowo. Dzina la m'nthano lopanda nthano yake likanayenera kumkayikitsa wofufuza wosamala.

5.0 Umboni wa Cinenero

Mu 1784 Mfalansa wofufuza za miyala, Barthélemy Faujas de Saint-Fond, anafika pa Staffa, ndipo m'buku lake la mu 1797 ananena kuti Banks anamva molakwa. Malinga ndi iye, dzina lenileni limatanthauza phanga la mau okoma, cifukwa ca kulira kwa mafunde m'katimo. M'kalembedwe ka Cigaeliki dzinali ndi An Uamh Bhinn.

Aphunzitsi a zinenero aona msanga pamene panagona vuto. M'Cigaeliki uamh ndi phanga, ndipo zilembo mh zimachulidwa ngati v. Liu lakuti binn limatanthauza cinthu cokoma kumva. Likatsatira dzina la gulu lacikazi monga uamh limasanduka bhinn, ndipo zilembo bh nazonso zimachulidwa ngati v. Dzina la Fionn likamasonyeza umwini limasanduka Fhinn, ndipo zilembo fh sizimveka konse. Cotero Uamh Bhinn ndi Uamh Fhinn, amene pa pepala amaoneka osiyana, pakamwa amamveka pafupifupi cimodzimodzi. Kwa mlendo wosadziwa cineneroco, ali m'phanga mmene mafunde akuomba, kusiyanitsa kunali kovuta kwambiri. Vuto lotere ife tikulidziwa: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika, kapena khungu la thupi ndi khungu la maso, amalembedwa mofanana nasiyana pa kukwera ndi kutsika kwa liu kokha, cinthu cimene mlendo wa tsiku limodzi sangacimve.

Maina ena amene Banks analemba amatithandizanso. Mulu wa mizati umene uli pafupi ndi gombe anaulemba Boo-sha-la, pamene m'Cigaeliki ndi Buachaille, kutanthauza mbusa. Phanga lina analilemba Oua na Scarve, ndilo Uamh nan Sgarbh, phanga la mbalame zakuda zodya nsomba. Maina awa akuonetsa kuti iye anali kulemba monga khutu la Mngelezi linamvera, ndiponso kuti anthu a kumeneko anali kucha malo malinga ndi zimene maso aona. Ngakhale dzina lakuti Staffa, locokera ku cinenero ca amalinyero akale a ku Scandinavia, limatanthauza cisumbu ca mizati. Phanga la mau okoma likanakhala bwino pakati pa maina otere.

Komabe tisathamangire kugamula. Faujas nayenso anali mlendo, ndipo anafika patapita zaka 12, dzina la Fingal litafala kale. Malo ochedwa ndi dzina la Fionn ndi ambiri m'mapiri a Scotland ndi ku Ireland, ndipo nyimbo zosimba za iye zinalembedwa kale m'zaka za m'ma 1500 mu Book of the Dean of Lismore. N'zotheka ndithu kuti mtsogoleri ananenadi za Fionn. Pa Staffa pomwepo pali phanga lina la dzina la munthu, la MacKinnon. N'zothekanso kuti maina onse awiri anali kugwira nchito, monga zimakhalira m'malo ambiri. Mlandu wa Banks, tsono, si wakuti anasankha dzina labodza. Mlandu wake ndi wakuti analemba m'njira yosalola munthu wina kutsimikiza. Ngakhale makope osindikizidwa a nkhani yake sagwirizana, pakuti ena amalemba Fiuhn, ena Fhinn. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 anthu onse anali atasamuka pa Staffa. Wofuna kupimanso mwala anaupeza uli pomwepo, koma wofuna kufunsanso eni ake sanawapeze.

6.0 Dzina Likabwerera Kwao

Dzina la Fingal litasindikizidwa linayamba kukoka anthu. Walter Scott anapitako mu 1810, John Keats mu 1818, ndipo William Wordsworth mu 1833, amene anadandaula za khamu la alendo anzake. Cithunzi ca J. M. W. Turner ca mu 1832 cimaonetsa sitima ya malasha ikufuka utsi pafupi ndi matanthwewo. Mfumukazi Victoria analowa m'phangamo pa bwato mu 1847, ndipo Jules Verne anagwiritsa nchito malowa m'buku lake la mu 1882 lochedwa Le Rayon vert.

Nkhani ya Felix Mendelssohn ndiyo imaonetsa bwino mphamvu ya dzinali. Iye anafika pa Staffa pa 8 Ogasiti 1829, ali wodwala ndi kugwedezeka kwa sitima. Koma ciyambi ca nyimbo yake yochuka anali atacilemba kale m'kalata ya pa 7 Ogasiti, asanaone phangalo. Mwini wake anayamba kuicha Cisumbu ca Pacokha, kenaka Hebrides. Pamene inasindikizidwa, dzina la Phanga la Fingal linaikidwapo, ndipo anthu ambiri amaidziwa ndi dzina limenelo. Dzina linali litayamba kugulitsa malonda.

Cotsatira cake cinali nthano. Alendo a masiku ano amasimbiridwa kuti Fionn anali cimphona ca ku Ireland cimene cinamanga msewu wa miyala kuoloka nyanja kuti cikamenyane ndi cimphona ca ku Scotland cochedwa Benandonner. Kuti mkazi wa Fionn anamveka mwamuna wake zovala za khanda. Ndipo kuti mdaniyo ataona kukula kwa khandalo anaopa bambo wake, nathawa akugumula msewu m'mbuyo mwake. Zotsala zake, akuti, ndi Staffa mbali imodzi ndi Giant's Causeway mbali ina, malo awiri a mizati yofanana otalikirana makilomita oposa 100. Nthanoyi ndi yokoma, ndipo ili ndi zizindikiro za nthano zenizeni za pakamwa, monga wofooka kugonjetsa wamphamvu mwa ucenjezi. Koma zigawo zake zimaonetsa msoko. M'nthano imene William Carleton anasindikiza m'zaka za m'ma 1800, yochedwa A Legend of Knockmany, mdani wa Fionn ndi Cucullin, osati Benandonner. Limodzi mwa maina a Giant's Causeway m'Ciairishi, Clochán na bhFomhórach, limachula mtundu wina wa zimphona, osati Fionn. Ndipo m'nyimbo zakale Fionn ndi mtsogoleri wa alenje ndi ankhondo, osati cimphona comanga misewu.

Sitikunena kuti nthano imene woyendetsa bwato amasimba lero ndi yacabe. Nthano iliyonse imasintha ndi omvera ake, ndipo iyi nayonso ndi yoyenera kuifufuza monga nthano ya nthawi yathu. Cimene tikukana ndi kuitenga ngati umboni wa zimene msodzi wa mu 1772 anali kusimbira ana ake. Mau anacoka pakamwa, nalowa m'buku atasinthidwa, ndipo kucokera m'buku anabwerera pakamwa. Wofufuza amene sadziwa ulendo umenewu amalemba zimene buku linabzala n'kumayesa kuti wapeza za makolo.

7.0 Mdzukulu wa ku Ulva

Nkhani ya Staffa ili ndi cingwe cimene cimafika kuno kwathu. Mpaka 1777 cisumbuci cinali m'manja mwa banja la MacQuarrie la pa Ulva, cisumbu coyandikana naco. Mu 1792, zaka 20 Banks atadutsa, Neil Livingstone anasamuka pa Ulva ndi banja lake kukagwira nchito m'fakitale ya thonje ku Blantyre, pafupi ndi Glasgow. Mdzukulu wake David, wobadwa mu 1813, anasimba m'buku lake la mu 1857, Missionary Travels, kuti ali mwana anali kumvetsera nthano za makolo kwa agogo ake aamuna ndi nyimbo za Cigaeliki kwa agogo ake aakazi. Anthu otere, odziwa maina ndi nthano za magombe amenewo, ndi amene Banks sanawafunse, ndipo sanakhalitse. Pa Ulva panali anthu pafupifupi 600 m'zaka za m'ma 1830, koma mwini watsopano wa cisumbuco anathamangitsa ambiri a iwo. Pamene anthu a m'deralo anacigula mu 2018, okhalapo sanali kukwana 10.

Mu Novembala 1855 mdzukulu uja anali m'bwato pa mtsinje wa Zambezi, akupalasidwa ndi anthu odziwa madziwo, kupita pa kacisumbu ka pamphepete pa mathithi. Tikayerekeza nkhani yake ndi ya Banks, kusiyana kulipo. Livingstone anali atakhala mu Africa kuyambira 1841 ndipo anali kulankhula Citswana, cinenero capafupi ndi ca Akololo amene anamperekeza. Analemba dzina lakuti Mosi-oa-Tunya pamodzi ndi tanthauzo lake, analembanso dzina lakale lakuti Shongwe, ndipo ananena kuti mafumu a Atoka anali kupembedza pa malo ena pafupi ndi mathithiwo. Kudziwa cinenero kunampatsa mafunso amene Banks analibe. Ngakhale zinali tero, pamwamba pa maina onsewa anaikapo la Victoria. Ndiponso dzina limene analimva bwino linali la omperekeza ake, amene anali atangofika m'deralo zaka zowerengeka m'mbuyomo, pamene Atonga ali ndi lao, Shungu Namutitima. Dzina limene mlendo amalicha la eni malo kawirikawiri limakhala la cinenero ca womtsogolera.

8.0 Mau Otsiriza

Njira yabwino inaonetsedwa ku Scotland komweko. John Francis Campbell wa ku Islay, m'mabuku ake a Popular Tales of the West Highlands amene anatuluka kuyambira 1860 mpaka 1862, anasindikiza nthano m'Cigaeliki pamodzi ndi kumasulira kwake, nachula osimba ndi kwao, naikanso masimbidwe osiyanasiyana a nthano imodzi. Nchito yake imagwiritsidwabe nchito cifukwa wowerenga amatha kuona pamene pathera mau a wosimba ndi pamene payambira a wolemba.

Zimene tiyenera kuphunzitsa ophunzira athu asanapite kumudzi, tsono, n'zomveka. Alembe dzina la wosimba, msinkhu wake, mudzi wake, cinenero cimene walankhula ndi tsiku. Alembe mau monga anenedwera, asanawamasulire, ndipo asonyeze kukwera ndi kutsika kwa liu pamene tanthauzo lingasokonezeke. Ndemanga zao aziike padera. Afunse anthu angapo, ndipo afunsenso kumene aliyense anaimva nkhaniyo, kaya kwa agogo, kusukulu, pa wailesi kapena m'buku. Koposa zonse, asamale pamene yankho lagwirizana ndi zimene anawerenga kale. Wophunzira amene wadziwa za Kaphirintiwa kapena za Mbona m'kalasi, akamva dzina lofanana nalo pakamwa pa nkhalamba, amafuna kutseka kope cifukwa ca cimwemwe, monga anacitira Banks m'phanga muja. Pamenepo ndi pamene ayenera kukhala pansi n'kufunsa funso lacitatu, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.